Chifalansa cha Mafunso Okhaokha

"Itanani Mfalansa uja!" anakuwa wosintha ndalama wina.

Mfalansayo ndinali ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, wopanda nsapato, ndikutsuka makapu m'tiyirumu ya mayi anga paboda ya Mchinji.

Dzinalo linabwera chonchi. Chaka chimenecho lole ya dalaivala wina wa ku Congo, a Kabeya, inafera paboda. Podikira chitsulo chochokera ku Lusaka, ankamwa tiyi kwathu. Chinyanja chawo chinali chotsimphina, koma kucheza ankakukonda. Anandiphunzitsa kufunsa m'Chifalansa. Où est le marché, msika uli kuti. Où est l'eau, madzi ali kuti. Où est le camion, lole ili kuti. Ine ndinkafunsa, iwo n'kuloza ndi chala, n'kuseka. Chitsulo chitafika anapita. Anandisiyira mafunso okhaokha.

Ndinavutitsa nawo anthu. Ndinafunsa mayi, ndinafunsa apolisi, ndinafunsa ngakhale mbuzi. Achimwene anga a Yohane ankati, "Iwe, Chingerezi chikukukanika kusukulu, ndiye ukalimbane ndi cha azungu ena?"

Nditathamangira kumsewu tsiku limenelo, ndinapeza anthu atazungulira mayi wina wachilendo. Dengu la tomato ndi nthochi lili pansi. Ankalira, mkaka utanyowetsa bulauzi. Wina ankamuonetsa makwacha, wina ankamulozera ku kasitomu.

"Où est le camion?" anatero mayiyo. "Mon bébé!"

Ndinamva. Anali atapita kukagula zakudya, pobwera anapeza lole palibe. Mwana anali momwemo.

"Akuti chiyani?" anafunsa achimwene.

"Akufuna lole. Muli khanda lawo."

"Ndiye ayankhe, Mfalansa."

Ndinayasamula. M'kamwa munalibe kanthu. Kumanja, kumanzere, kuseri, zonsezo a Kabeya sanandiphunzitse. Koma malowo ndinkawadziwa. Malole akachuluka mumsewu ankawathamangitsira kubwalo lafumbi, kuseri kwa magolosale. Ndipo kwathu ku Mlonyeni mlendo sitimulozera njira ndi chala, timamuperekeza. Ndinasenza dengu lija, n'kuuyamba. Mayiyo ananditsata. Achimwene ndi chigulu chonse pambuyo.

Kubwaloko malole anali mbwee. Fungo la dizilo, matayala otentha ndi dzuwa. Yake inali iti? Apa ndiye mafunso anga anagwira ntchito. Ndinkaima pa lole iliyonse ya nambala ya ku Congo.

"Où est le bébé?"

Dalaivala wina anandiseka mpaka kutsokomola. Wina anandiyankha zambirimbiri, ine osatolapo kanthu. Wina ankaphika nyemba pambaula. Anangoloza ndi supuni kuseri kwa lole yobiriwira.

Kumeneko tinapeza bambo wamimba yaikulu atakhala patayala, akusambitsa khanda m'ndowa, uku akuimba. Mwanayo akuseka, thovu lili pamutu.

Mayiyo anatsomphola mwana wake, n'kumukumbatira ali chinyowere. Anamununkhiza, anamuwerenga zala. Kenako anatembenukira bambo uja, mwamuna wake. Chifalansa chimene chinatuluka pamenepo chinali chothamanga ngati matalala padenga la malata. Bamboyo anangogwira sopo m'manja, maso pansi. Amayi ogulitsa mandasi anayamba kuwomba m'manja.

Lero ndine bambo wa imvi. Ndimawotcherera zitsulo paboda pomwepo. Sukulu ndinalekezera pulayimale, Chifalansa changa sichinakulenso. Koma chimodzi ndinachigwira tsiku limenelo: pakamwa pakakanika, miyendo imayankha. Mlendo akandifunsa njira, ndimazimitsa makina, n'kupita naye.

Tsiku lija, mayi uja akadali kukalipa, achimwene anandikoka malaya. Misozi ya kuseka inali m'masaya.

"Tamasulira, Mfalansa. Akuti chiyani?"

Ndinayang'ana bamboyo. Ndinayang'ana achimwene. Ndinatula dengu pafupi ndi ndowa, n'kumapita.