Miyala ya agogo a Zuze

Tsiku limenelo analipo awa, ndipo wotsutsa abwere andipeze kuno ku Manja: agogo anga a Zuze, eni ake nkhaniyi, bambo anga a Antonyo, atapinda manja, a Nasibeko ophika mowa wa masese, Che Bwanali, telala wa pa khonde la golosale, ndi ineyo, ndevu zisanamere koma mphamvu zili tayale.

Ndikakumbukira agogowo, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la makala ndi malata otentha, m'makutu mumalira nyundo, ngwe! ngwe! ngwe! kuyambira tambala mpaka dzuwa kupendeka, pakuti anali mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, ndipo ku Chinyonga konse kunalibe mayi wotunga madzi m'chidebe chimene sichinadutse m'manja mwawo. Anachoka kwa Apwitikizi wapansi ali mnyamata, nawoloka mtsinje wa Muloza, ndipo nkhani imeneyi ankatiuza mpaka tinkaimaliza tokha iwo akukhosomola.

Koma miyendo yowolokera Muloza ija inatha. Nyumba yathu inali pamwamba pa chitunda, pomwe mpope, tchalitchi ndi bawo zonse zinali kumunsi. Kutsika ankatsika, kukwera ndiye inali nkhondo. Tsiku lina anangokhala pansi pakati pa njira, m'fumbi, mpaka ndinachita kuwabereka. Bambo ataona zimenezo anagamula kuti agogo apite ku Phalombe kwa achemwali awo, kumene kulibe zitunda. Mayi anamanga katundu m'chitenje, bulangete, kolona ndi nyundo yomwe, namuika pakona.

Agogo anakana. "Kumudzi ndikakhomera ndani chidebe? Anzanga onse ali kuno, ena pa bawo, ena kumanda."

Loweruka m'mawa anaitana anthu ndawatchula aja kumpope, natsamira ndodo yawo.

"Mukuti ndatha ine. Sindinathe, yatalika ndi njirayi. Tiidule! Ine ndizikwera, ndipo pomwe mpweya wandithera, pomwepo pakhale mwala wokhalapo."

Che Bwanali anatulutsa tepi yawo yoyezera mathalauza.

"Bwezani m'thumba chimenecho," agogo anatero. "Lero muyeza ndi chifuwa changa."

Ananyamuka, ife pambuyo ngati gulu la ukwati. Akayenda, akayenda, nkuima. "Pano!" Ife thamangani kukhwawa, kwezani mwala pa wilibala. Anyamata ena analipo, inde, koma ankangogwiriza. Wokankha weniweni ndinali ine, ndipo amene akuti ndikunama akaunyamule mwala umene tinauika pamtengo wa mango aone. Agogo ankauyesa kaye ndi matako. Ukakhala wosongoka ankati, "Uwu ngwa adani anga, bweretsani wina."

Titangoika mwala wina, anadzuka, nasuntha pang'ono pokha, nkuima pakhomo penipeni pa a Nasibeko.

"Pano!"

"Aa, a Zuze!" Che Bwanali anadabwa. "Si mwangodzuka kumene pamwala apa?"

"Chifuwachi nchanga kapena nchanu?"

A Nasibeko anaseka mpaka kugwira nthiti. "Asiyeni, Che Bwanali. Mpweya wa amuna ambiri umathera pompano."

Mwala unakhala. Bambo, amene anali mu komiti ya tchalitchi, anayang'ana kumbali ngati akuwerenga mitambo.

Tsono imvani zimene zinachitika. Ife tinkaganiza kuti miyalayo ndi ya munthu mmodzi. Sabata isanathe, nkhalamba zinayamba kutuluka m'nyumba ngati inswa mvula ikagwa. Panali gogo wina, a Nachuma, amene ife ana tinkayesa kuti anamwalira kalekale. Tinawapeza pamwala wa pamango, atavala chitenje chatsopano, akupita kukasankha okha usipa kumsika.

"Kodi a Nachuma, muli moyo?" agogo anawafunsa.

"Ndinali moyo, achimwene. Chitundachi ndiye chinandikwirira."

Amayi otunga madzi ankatulirapo, apakati ankapumirapo, ndipo nkhani za ku Chinyonga zinkakwera chitunda mwala ndi mwala kuposa wailesi.

Lero ndakalamba ndine, ndipo zitunda za ku Manja sizisekerera munthu. Pamisonkhano ya chitukuko akayamba zoti tiwathandize bwanji okalamba, ine ndimaimirira, ndipo chimkuzamawu sindichifuna. Ndimati: musatifunse titakhala pampando, tulukani muyende nafe! Akuluakulu a chitukukowo anayendadi nafe, ndipo panjira yathu yopita kusiteji pali mabenchi a simenti, aliyonse pomwe wina wa ife anaima.

Koma ndibwerere kwa agogo, pakuti katundu uja anali akadali pakona, ndipo bambo anali asanabweze mawu awo. Lamulungu linalo, Misa itatha, agogo anakana kugwiridwa dzanja. Anakwera okha, kukhala, kudzuka, kukhala, kudzuka, bambo akuwatsatira chapatali atanyamula jekete lawo, mpaka anafika pakhomo akuimba nyimbo ya Chilomwe, thukuta lili kamukamu. Bambo analowa m'nyumba, namasula chitenje chija. Anatuluka ndi nyundo, nagwada, naipereka kwa agogo ndi manja awiri, nati:

"Bambo, ku Phalombe ndikalembera kuti simubwera. Koma chonde, Lamulungu muziudumpha mwala wa pa a Nasibeko. Abambo mfumu ayamba kundifunsa mafunso."