Masiku anayi pa geti chifukwa cha kachidutswa ka tchizi

Masiku anayi anandidyera pa famu ya tchizi ija ya ku msewu wa ku Palabana. Chimene ndinkafuna chinali kachidutswa kosaposa bokosi la machesi. Ndalama ndinali nazo m'thumba. Sindinapite kukapempha.

Sindikunena za sukulu yophunzitsa zoweta ng'ombe imene ili kumeneko ayi. Ndikunena famu ya munthu. Dzina sinditchula. Eni ake akudziwa, ndipo tonse amene timaperekako mkaka tikudziwa.

Ine ndine Mbewe. Kwathu ndi ku Katete, koma ndakalambira kuno ku Chongwe. Ndili ndi ng'ombe zinayi za mkaka. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikupereka mkaka pa famu imeneyo. Njinga, zigubu ziwiri, 06:30 ndili pa geti ya kumbuyo, kaya kuli mvula kaya chisanu. Sukulu ndinalekera giredi 6. Kulemba sindikonda. Koma izi ndilemba.

Akazi anga, amake Tisa, sanali a kuno. Anali a ku Congo, kumapiri a kum'mawa kumene amaweta ng'ombe. Anathawa nkhondo ali mtsikana. Tinakumana ku Lusaka akugulitsa zitenje pamsika. Chinyanja anaphunzira, kukama ankandiposa. Kwawo sanabwerereko. Zaka makumi awiri ndi zisanu tili m'banja, sanandipemphepo kanthu ka kwawo. Ngakhale kamodzi.

Mwezi wathawu madokotala ku Lusaka anatiuza kuti chotupa cha pakhosi chakula, palibenso chochita, pitani nawo kunyumba. Mwana wathu Tisa anasiya banja lake ku Kafue kudzawadwazika. Kumeza ankameza, koma pang'onopang'ono. Phala lamadzi, nthochi yokanya, tiyi.

Lolemba masana ndikuwamwetsa phala, anakankha supuni. Anati, "Baba Tisa, ndikufuna tchizi." Ndinayesa ayamba kubwebweta. Anati ayi, mutu uli bwino. Anandiuza kuti atate awo ankapereka mkaka kwa ansembe opanga tchizi kumapiri kuja, monga ndimachitira ine kuno. Tsiku la msika ankabwera ndi kachidutswa kokulunga m'tsamba la nthochi, ana asanu n'kugawana. "Kangokhala pa lilime basi," anatero. "Ndikumbukeko kwathu."

Mtengo wake ndinkaudziwa. Ndinakaonapo m'sitolo zazikulu za ku Lusaka, kakukula ngati sopo wosambira, K190. Muikepo basi yopita ndi yobwera. Ine ndinali ndi K70 yotsala pa mankhwala. Koma anzanga a mkaka ankanena kuti pa famu pomwepo amagulitsa zodula za m'mbali mwa tchizi, paketi K35. Ndinawauza amake Tisa kuti mawa mudya.

Ndinalonjeza. Ndilo limene likundiwawa.

Lachiwiri ndinatula mkaka 06:30. Wolandira mkaka anati za tchizi sizimukhudza, ndizungulire ku sitolo ya kutsogolo. Ndinazungulira mpanda wonse ndi njinga. Pa geti ya kutsogolo pali mlonda, munthu wamkulu ngati ine, timapatsana moni pamsewu. Anati sitolo imatsegula 10:00. Nthawi inali 07:10. Kwathu ndi makilomita khumi ndi limodzi. Kupita n'kubweranso, mawondo anga sakanalola. Ndinakhala pansi pa mtengo. Maola atatu.

Itakwana 10:00 ndinaimirira. Mlonda anayang'ana kumapazi kwanga.

"Ba Mbewe, simungangene na majombo. Ni lamulo. Matenda ya ng'ombe."

Maola atatu ndili pamaso pake ndi majombo omwewo. Kodi anamera 10:00 itakwana? Pakamwa panali potupa kuti asandiuze 07:10?

Ndinati chabwino. Ndinavula majombo, ndinawaika pa njinga. Anati wopanda nsapato saloledwa, muli chakudya. Ndinamupatsa ndalama kuti akandigulire. Anati sangasiye geti, amuchotsa ntchito. Sitolo ili apo, ndikuona chitseko, mapazi makumi awiri. Galimoto ziwiri zinalowa ine ndili chiimire ndi masokosi pa fumbi. Matayala awo ndi oyera kuposa mapazi anga? Sanadutse m'ndowe zomwezo za pamsewu?

Ndinafika kunyumba 12:00 itapita. Amake Tisa anayang'ana m'manja mwanga, osati kumaso. Ndinati mawa. Anati palibe kanthu. Tsiku limenelo anamaliza kapu ya phala ndi theka la nthochi. Mumve bwino pamenepa. Lachiwiri ankamezabe.

Lachitatu ndinanyamula nsapato za ku tchalitchi m'pepala la pulasitiki. Ndinatula mkaka, ndinasamba m'manja ndi kumapazi pa mpopi wa kumbuyo, ndinadikiranso pa mtengo uja. 10:00 ndinalowa. Koyamba pa zaka zisanu ndi zinayi.

Muli mayi wogulitsa, wa chipewa choyera. Moni wanga sanayankhe, anali pa foni. Atamaliza anati, "Mufuna chani, mdala?" Ndinati paketi ya zodula za m'mbali, ya K35. Anati zimenezo amalongedza Lachisanu lokha. Lero pali chathunthu, chozungulira ngati mbale, K650. Theka lake K330.

Ndinati ndidulireni cha K70. Anati sadula, kompyuta siidziwa mtengo umenewo. Mpeni uli pomwepo pa thabwa. Sikelo ili pomwepo. Sikelo ya kumbuyo imadziwa kuyeza mkaka wanga mpaka kadontho, koma ya kutsogolo yaiwala ntchito?

Ine sindine munthu wolengeza matenda a m'nyumba mwanga kwa alendo. Kwathu sititero. Koma ndinameza manyazi. Ndinati mayi, ndili ndi wodwala kunyumba, wapempha chimenechi, masiku ake ndi ochepa. Anati, "Aliyense ali na odwala, mdala. Bwelani pa Chisanu."

Tsono tamverani ichi. Pa tebulo panali mbale ya tizidutswa ta tchizi, tobaya ndi timitengo totokosera m'mano. Munalowa amayi awiri a pa galimoto. Anatola, anadya, anatolanso, akuseka. Osalipira. Ndinafunsa kuti izi n'zotani. Wogulitsa anati n'zolawa, zaulere. Ndinati ndipatseni kamodzi, ndikulunge m'pepala, ndilipira K70 yonse. Anati, "Izo ni zolawila pano. Sizichoka panja. Ngati mufuna, dyani."

Ndidye ine. Wathanzi, wa mano, amene sindinapemphe. Kulowa m'mimba mwanga n'kutuluka nako pa geti, lamulo likulola. Kukanyamula m'dzanja kupita kwa wodwala, lamulo likukana. Amene analemba zimenezi anayamwa bere la munthu?

Ndinaima pamenepo nthawi. Maganizo anandibwerera oti ndikaike m'kamwa, ndituluke, ndikalavulire m'pepala kuseri kwa geti. Dzanja linafika pa mbale. Ndinalibweza. Mkazi amene wandiphikira zaka zonsezi, ndikamupatse cholavula? Ndinaganizanso zongotola n'kuthawa. Zaka 61, mkulu wa mpingo, kuthamangitsidwa ndi mlonda chifukwa cha kanthu konga chala. Ndipo mkaka wanga ndikanakagulitsa kuti mawa lake? Ndinatuluka chimanjamanja.

Lero ndimadzifunsa. Bwenzi nditaba.

Lachinayi ndinafunsa wolandira mkaka kuti bwana wa famu ali kuti. Anati ali ku Lusaka. Nambala ya foni? Sapereka kwa operekera mkaka, nkhani zathu zimadzera kwa iye. Ndinati ndiye nkhani yanga ndi iyi. Anati imeneyo ndi ya ku sitolo. Ku sitolo anati ndi ya bwana. Tsiku limenelo amake Tisa analandira masupuni atatu a phala. Supuni yachinayi inabwerera. Madzulo ake ngakhale madzi ankabwerera. Tisa ankangowanyowetsa milomo ndi kansalu.

Tisa anati, "Atate, mukanandiuza ndikanapempha ndalama kwa amuna anga, tikanagula ku Lusaka." Zoona. Sindinamuuze za mtengo. Ndinkati Lachisanu si kutali, ndipo mwamuna sapempha kwa mkamwini kanthu kodyetsa mkazi wake. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndikuvomera. Koma kwanu, eni famu, n'kwanu.

Lachisanu, 10:05, ndili m'sitolo, nsapato za ku tchalitchi kumapazi, K35 m'dzanja. Mayi uja anati zatha. Ndinati zatha bwanji, mwatsegula mphindi zisanu zapitazo? Anati munthu wina wa malo odyera ku Lusaka anaimba foni dzulo, watenga mapaketi onse. Anali m'katoni kumbuyo kwake, ndikuwaona ndi maso. Ndinati chotsanipo imodzi. Anati anawerenga kale. Ndinamukumbutsa kuti ndi iye amene anandiuza kuti ndibwere Lachisanu. Anati, "Nanga munalembetsa?" Kulembetsa kwake anandiuza liti?

Sindinakalipe.  Ndinakhala pansi pa khonde la sitolo, ndinati sindichoka. Mlonda anabwera, anandigwira paphewa, ndinamuyang'ana, anandisiya.

11:40 inalowa galimoto ya bwana. Anatsika, anandiona. "Ah, ba Mbewe! Mwasowa kutsogolo kuno. Muli na vuto?" Ndinamuuza mwachidule. Anagwira pakamwa. Analowa, anatenga mpeni uja, anadula chidutswa chachikulu ngati dzanja langa, anakulunga, anandipatsa. Ndalama anakana. Anati, "Sembe munaniuza chabe."

Theka la mphindi. Ndinawerenga. Kudula ndi kukulunga, theka la mphindi. Kompyuta sinalire. Ng'ombe sizinafe. Ndikanakuuzani pati, bwana, pamene anthu anu akubisa nambala yanu ngati mankhwala a chitaka?

Ndinapalasa ngati mnyamata. 13:00 isanakwane ndinali pakhomo. Amake Tisa anali maso. Ndinamasula pepala. Tisa anadula kochepa ngati njere ya chimanga, anawaika pa lilime. Amake anayesa kumeza. Anatsokomola mpaka misozi, tinachita kukachotsa ndi chala. Anakodola kuti ndiwapatse chonse. Anachigwira ndi manja awiri, anachiika pa mphuno. Ananunkhiza nthawi yaitali, maso ali otseka. Analankhula mawu a chinenero cha kwawo amene sindinawamve. Ndikuganiza anali maina a abale awo.

Kenako anandipatsa. Mawu anali atatsala a kunong'ona. Anati, "Baba Tisa, idyani inu. Mundiuze."

Ndinadya, iwo akundiyang'ana pakamwa. Moyo wanga wonse ndinali ndisanalawepo. Kunena zoona sichinandikomere, chinali ngati mkaka wosasa wouma. Anafunsa ngati chili ndi mchere cha kukhungu. Ndinati chili nawo. Anafunsa ngati chikusungunuka pa lilime. Ndinati chikusungunuka. Anati, "Ndi chomwecho." Anamwetulira, anagona.

Anamwalira Lamlungu m'mawa. Tinaika Lachiwiri. Anzanga a mkaka anabwera ndi njinga zawo. Ku famu anatumiza uthenga wa pepani pa foni ya wolandira mkaka, iye n'kundiwerengera.

Sindikunena kuti tchizi chikanawachiritsa. Ndine wosaphunzira koma sindine chitsiru. Imfa inali itafika kale pakhomo. Ndikunena kuti munthu anakhala m'dziko la eni zaka zonsezo, anapempha kanthu kamodzi, ndipo kanthuko kanali pa mtunda wa njinga, kopangidwa ndi mkaka umene iye mwini ankakama ndi manja ake asanadwale. Anakamva ndi mphuno yokha.

Ndiye ndikufunsa eni famu, muyankhe pano pomwe anthu akuona. Lamulo la majombo, bwanji simunalilembe pa geti? Bwanji ife operekera mkaka tilibe kawindo kogulira kumbuyo komwe timatulira? Zodula za m'mbali mumati n'za anthu osauka, bwanji mumazipereka zonse kwa munthu mmodzi wa foni? Ndipo mayi wa m'sitolo uja, ndani anamuphunzitsa kuyankha munthu wa imvi kuti aliyense ali ndi odwala? Sindikuti mumuchotse ntchito, ali ndi ana nayenso. Mumuuze chabe kuti wodwala uja tinamuika.

Inu anzanga amene muli ndi wodwala m'nyumba, akapempha kanthu, musamuuze kuti mawa. Gulitsani nkhuku, pemphani kwa mkamwini, kwerani basi tsiku lomwelo. Manyazi amatha. Pakhosi pakatseka sipatsegukanso.