Mtedza pansi pa chidendene

Ababa, lero kusukulu kwathu ku Nsaru kunali mganda, ndipo amatsogolera ndi Yohane, mwana wa aneba uja. Anthu amangoti, "Koma mwanayu anatengera malemu!" Zandiwawa, poti mwana wanu ndine.

Ndakumbuka tsiku lija, potiphunzitsa mganda, munatiimika pamzere anafe kuseri kwa chigafa, aliyense mtedza wosasenda pansi pa chidendene. Munati, "Ponda kamodzi usweke, koma msana uume, mapewa asagwedere!" Yohane anaswa, inu n'kumugwira paphewa mukuseka. Ine ndinaphonya kawiri, ndipo munangoti, "Iwe tionana mawa." Sabata yomweyo munagonekedwa m'chipatala, osabwerakonso.

Ndakhala ndikuyeserera ndekha chaka chonse, ndipo tsopano ndimatha, Ababa. Koma Yohane munamuona akutha. Ine simunandione.