Kachipu ka mashini a atate

Atate anali olemba maina pa miyala ya kumanda. Manja awo anayamba kunjenjemera ine ndikali ku pulaimale, ndiye manja awo enieni anali mashini odula zilembo pa pepala lomata, oyendetsedwa ndi kompyuta yakale kuposa ine. Anazigula kwa mmwenye wina amene anali kutseka shopu m'tauni. Ukamata pepala pa mwala, kugoba kunali kosavuta.

M'kati mwa kompyuta munali kachipu kakuda, kotalika ngati chala chaching'ono, ka miyendo mbali zonse ziwiri. Ndiko kanali kuuza mpeni wa mashini pokhota. Kakatentha, mashini anali kuima pakati pa dzina la munthu. Atate anali kukapepesa ngati mwana, uku akukupiza ndi katoni.

Ine sukulu ya zimenezi sindinapiteko, zonse n'za pa foni. Mabandulo anga anathera pa gulupu ina ya madala akunja okonda makompyuta akale. Ndinatumiza chithunzi, iwo akuti mwana, kachipu aka sakupanganso, ndipo anakakhoma loko, sungakawerenge. Koma ungakabere nzeru. Ulowetse moto pa mwendo uwu, uone mwendo uti wayankha, usinthe, uonenso, mpaka udziwe mayankho ake onse, ndiye uwalembe m'kachipu katsopano kopanda kanthu. Vuto lake, kamakumbukira funso lapita. Funso limodzimodzi, yankho lina. Iwe, ndinasangalala ngati ndapeza ntchito ku boma.

Tsiku lokazula, atate anaima pambuyo panga.

“Ukakathyola mwendo, nawenso ndikuthyola wako.”

“Atate, dzanja lake liti?”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Chimwana chopanda ulemu. Zula bwino.”

Ndinakakhazika pa kabolodi pa tebulo la pa sitingirumu kwathu ku Nabvutika, mawaya ang'onoang'ono mbwee, chingwe kupita ku foni. Malaiti akapita, ntchito yaima. Akabwera, ndayambiranso. Amayi anali kudyera pa mwendo chifukwa tebulo ndinalanda. Mayankho a mizere yowongoka ndinawapeza onse. Otsala anali a pokhota, aja ofuna kukumbukira.

Ndiye atate anagwa kubafa m'mawa wina. Sitoloko. Ndinapita nawo kuchipatala ndi foni yokha m'thumba, ndipo sindinachoke pambali pa bedi mpaka anatisiya.

Mudziwa mmene timachitira maliro. Uthenga ukangofika, katundu yense wa pa sitingirumu atulutsa panja kuti azimayi akhale pansi. Pamene ndinafika kunyumba, mipando ili pabwalo, azibambo akhalapo, tebulo langa lili kuseli aikapo mbale. Palibe analakwa. Anyamata a kutchalitchi ananyamula bwinobwino. Azakhali, alongo awo a atate ochokera ku Tamanda, anazula mawaya onse, kuwakulunga mwaudongo, kumanga ndi kamphira, kuika m'kabati pamodzi ndi kabolodi.

Pa kabolodi kachipu panalibe.

Sungafunse za chipu mtembo wa atate ako uli m'njira. Nyimbo zikuimbidwa, maso anga anali pansi kusakasaka pakati pa miyendo ya azimayi. Mpaka lero zimandichititsa manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Titaika maliro, nyumba itasesedwa, ndinawafunsa.

“Azakhali, simunaoneko kanthu kakuda, kali ndi mano mbali ziwiri?”

“Kaja kachipeso kothyoka?”

“Si chipeso, azakhali.”

“Kanagwa pansi, mwanawe, kakanalasa munthu. Ndinasesera kudzala.” Anandiyang'ana nkhope. “Kanali ka atate ako?”

Ndinangoti eya. Anayamba kulira, ine n'kumawatonthoza.

Kudzala anali atatentha kale zinyalala. Ndinafukula phulusa ndi kamtengo, ndinapeza zitsekerero za mabotolo ndi supuni.

Mayankho amene ndinali nawo m'foni ndinawalemba m'kachipu katsopano. Kompyuta inayaka, mpeni unayenda. Mzere woimirira unadula bwino, wopingasa bwino. Pofika pokhota unaima, n'kuboola pepala pamalo amodzi mpaka kung'amba. Ndayesa kulota mayankho otsalawo, ndasintha, ndafufuta, ndalembanso. Madala a pa gulupu akuti pepani, tumiza chithunzi china cha koyambako tione. Ndiwauza kuti kanapsa, iwo atumiza kankhope kolira.

Makasitomala anadikira pang'ono, kenaka anapita kwa ena a mashini atsopano. Amayi safunsa za ntchito. Amafunsa chimodzi chokha.

“Nanga mwala wa atate ako?”

Mwala ulipo, atate anasiya ausalaza okha, uli kuseli kwa nyumba. Dzina lawo lili ndi zilembo zokhota zitatu. Amayi akuti tipereke kwa ena alembe, ine ndikuti dikirani pang'ono, ndipo mvula yagwa kawiri ndikunena zomwezo. Kumanda kukali kachitsulo kamene tinalembapo dzina lawo ndi penti yoyera, ndipo penti yayamba kusupuka.