Njinga Yosokosera ya Amakanika a pa Thambani

Pa Thambani pali amakanika ena achikulire amene sayeza njinga yamoto injini ili yotentha. "Injini yozizira sinama," amatero. M'mawa amailiza, n'kugunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake chili kukhutu. Akamva tcheni cha m'kati chikuchita kwetchekwetche, phokosolo osatha ngakhale injini itenthe, amadziwa kuti tenshona, kachitsulo kokunga tchenicho, yatopa.

"Sinthani lero lomwe, achimwene. Tcheni chikalumpha, injini yapita," amamuuza mwini njinga.

Komatu njinga yawo, imene anagula ku Zobue matipate atangoyamba kumene, ndiyo imasokosera kuposa zonse.

Tsiku lina Smart wakabaza anawafunsa, "Nanga yanuyi, madala, simukuimva?"

Amakanikawo anapukuta manja. Tenshona yatsopano anali nayo m'bokosi, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku lina njingayo idzawasiya panjira.

"Mayi akunyumba maso atasiya kuona, ankandizindikira ndi phokoso limeneli ndikadali kumsika, n'kutereka madzi a tiyi," anatero. "Anatisiya chaka chatha. Ndikasintha, ndizifika pakhomo panga ngati mlendo."