A Tsegulani ndi Masikuluu Omata Guluu

Pansi pa masitepe a nyumba ya masitolo, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa machaja a mafoni, pali kabenchi ka bambo wina wodula makiyi. Dzina lawo la pachiphaso amalidziwa ndi akazi awo ndi a kuchipatala basi. Ena tonse timati a Tsegulani.

Ntchito yawo ndi yothandiza anthu kutseka. Ukataya kiyi amakudulira wina, loko akavuta amamuthira mafuta, ndipo akamakupatsa amakulangiza ngati m'busa: "Muzikhoma, bambo, dziko laipa ili." Koma ikangokwana nthawi yoweruka, munthu yemweyo amasanduka mlaliki wa kutsegula.

Chinawatembenuza ndi kamakina ka magemu ka m'manja. Kukula kwake ngati sopo wochapira, kagalasi pakati, mabatani uku ndi uku. Timakina totere tilipo tamitundu iwiri. Tina kampani imatimata, ukangotitsegula basi wadziwonongera wekha. Tina ndi totseguka: kumbuyo kuli masikuluu anayi okha, mapulani a zam'kati opanga ake anawaika poyera pa intaneti, ndipo aliyense akhoza kusintha batire, kuikamo pulogalamu yake, ngakhale kulemba gemu yakeyake. A Tsegulani anagula kotsegukako zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Tsiku lomwelo anakatsegula. Anthu amanena kuti mpaka lero sanakatseke bwinobwino.

Matendawa sanathere pa kamakina. Wailesi ya kunyumba inatsegulidwa kuti imveke bwino, ndipo kuyambira pamenepo imalankhula ukaimenya mbama. Fani inatsala yopanda chivindikiro, ana ankaidutsa chapatali ngati galu wa aneba. Wotchi ya pakhoma inaima pa kota koloko ina yake, matumbo ake ali m'mbale pamwamba pa kabati. Akazi awo, amene amasoka makatani pakhomo pomwepo, ankangoti, "Nyumba ino chotseka ndi pakamwa panga pokha."

Munthu wodwala amafuna anzake, ndiye a Tsegulani anayambitsa gulu. Analitcha Gulu la Otsegula. Wosoka nsapato atamva dzinali anafunsa mwaulemu ngati kutsegulako ndi kwa m'mimba, ndipo a Tsegulani sanamuyankhule mwezi wathunthu. Gululi linali la anthu asanu ndi atatu, ndipo linkakumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa Ometa, momwe amayanikamo matawulo. A Tsegulani anali wapampando. Mlembi anali Aphunzitsi a masamu, munthu wofatsa amene analembera gululi gemu yake: kambuzi kokwera nyumba ya nsanjika makumi asanu, kakuzemba ndowa zogwa ndi agalu a pamasitepe.

Ndikanakonda kukuuzani kuti pamisonkhanoyi ankasewera. Ayi ndithu. Ankafika, n'kuyala timakina patebulo ngati odwala m'chipatala, aliyense n'kutulutsa sikuludiraiva. Ankatsutsana za mabatire. Ankaonetsana mabatani atsopano. Chaka china anatha miyezi itatu akukangana ngati batani lodumphira liyenera kukhala pamwamba kapena pansi, mpaka membala mmodzi anatuluka m'gulu n'kukayambitsa lake, lomwe mpaka pano muli iye yekha. Ndipo msonkhano uliwonse a Tsegulani ankautseka ndi mawu amodzimodzi: "Abale, tsogolo ndi lotseguka." Ometa ankayankha ali kuseri kwa katani, "Tsogolo litseguke, koma chitseko changacho mutseke, mukulowetsa ntchentche."

Mavuto anabwera ndi Alamu, mchimwene wa akazi awo, wogulitsa mankhwala mufamase, munthu wonunkhira perefyumu ngakhale Lolemba. Loweruka lina anatulutsa m'thumba kamakina katsopano konyezimira, kopanda sikuluu ndi imodzi yomwe. Anadina batani. Kanayaka. Pompo. Onse anasuzumira kuti aone bwino, chifukwa zoterezi pagululi zinali zisanaonekepo.

"Alamu," anatero a Tsegulani, "chimenecho ndi chitsekerero. Ndi ndende ya m'thumba."

"Ndende yake ndiye yokoma, alamu anga," anayankha Alamu. "Taonani, ikuimba. Ine funso langa ndi limodzi. M'chipinda muno, ndani anamalizapo gemu imodzi pa timakina tanu totsegukati? Imodzi yokha. Kambuzi ka Aphunzitsi kaja, ndani anakafikitsa padenga?"

Wina anayang'ana kudenga. Wina anakumbukira kuti nsapato yake yamasuka. Aphunzitsi anayamba kupukuta magalasi omwe anali atawapukuta kale.

"Ndiye ndikupempha kuti mlembi alembe," anapitiriza Alamu. "Loweruka likubwerali, pasakapezeka munthu womaliza gemu pa kamakina kotseguka, gululi tilisinthe. Likhale la osewera, aliyense agule kogwira ntchito, masikuludiraiva azitsala kunyumba. Ndipo wapampando akhale munthu wosewera."

Manja asanu anakwera, ena mwamanyazi ngati akukanda khutu. A Tsegulani anatola kamakina kawo n'kutuluka m'kachipindamo. Gululi linali mwana wawo. Kubenchi kwawo anali munthu wa pansi pa masitepe amene anthu amamukumbuka akataya kiyi. Kwa Ometa anali Apampando.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa, makasitomala atachepa, a Tsegulani anachita chinthu chimene anali asanachitepo: anamanga masikuluu onse anayi n'kuyamba kusewera. Kambuzi kanakwera nsanjika yoyamba, n'kugwedwa ndi ndowa. Anayambanso. Ndowa yomweyo. Pofika Lachiwiri anali atafika nsanjika yachitatu, ndipo anatsimikiza kuti vuto ndi batani. Anatsegula. Lachitatu anatsegulanso kuti akonze zimene anakonza Lachiwiri. Lachinayi m'mawa kagalasi kanayamba kuonetsa mbuzi ziwiri, zonse chadodolido.

"Apampando, zikuyenda?" anafunsa wosoka nsapato, msomali uli pakamwa.

"Tili pa gawo la kafukufuku."

"Ehe. Mpaka Loweruka mufukula."

Pamenepo a Tsegulani anakumbuka kamakina kena. Zaka ziwiri zapitazo anagula kachiwiri kuti azichotsako zida, koma kanawakhumudwitsa chifukwa kanalibe vuto lililonse, ndiye anakaponya mudilowa ya kuchipinda. Anakhoma benchi nthawi ya nkhomaliro n'kuthamangira kunyumba.

Mudilowa munali masokosi, malisiti akale ndi chivindikiro cha fani. Kamakina munalibe. Ali chiimire choncho anamva kaphokoso kuchokera kuchipinda chosokera. Osati phokoso la makina osokera ayi. Kanali kulira kwa mbuzi.

Anasuzumira. Akazi awo anali atakhala pampando wosokera, katani ya kasitomala ili pamiyendo, tiyi akuzizira pambali, zala ziwiri zikuluzikulu zikuvina pamabatani ngati za mtsikana wa pa taipi. Nkhope ili phee. Pakona ya kagalasi panalembedwa nambala: 47.

"Mayi a ana!"

"Khalani chete inu, pali galu apa." Anadumpha galuyo, n'kuimitsa gemu, n'kutembenuka. "Mwabwera msanga bwanji? Anthu asiya kutaya makiyi?"

"Nsanjika fote seveni? Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lomwe munatsegula wailesi yanga. Munthu ndizimvera chiyani posoka? Padenga ndinafikapo kale kanayi. Pano ndikungofuna kufika osagundidwa ndi ndowa ndi kamodzi komwe."

A Tsegulani anamva misozi ikubwera. Anatambasula manja ngati olandira khanda, ndipo mwa chizolowezi anakatembenuza kamakinako kuti aone kumbuyo. Anaona zoopsa. M'mitu ya masikuluu onse anayi munali mutadzazidwa guluu, wouma gwaa, wosalala ngati galasi. Sikuludiraiva inalibe pogwira.

"Mwa... mwamata?"

"Ndinamata."

"Kamakina kotseguka! Mukudziwa kuti anthu anavutika kuti..."

"N'chifukwa chake kakugwira ntchito, bambo a ana. Bweretsani kuno musanakalodze."

A Tsegulani anafotokoza zonse: Alamu, mavoti, Loweruka, mpando. Anafotokoza atagwira chipewa m'manja, munthu amene chipewa savulira ngakhale a lendilodi. Akazi awo anamvetsera akumwa tiyi wozizira uja pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene wadikira tsiku lake zaka zisanu ndi chimodzi.

"Achimwene anga aja anayamba matama ali mwana," anatero pomaliza. "Ndibwera. Koma Loweruka lisanafike, wailesi ilankhule yokha popanda mbama. Fani ivale. Wotchi iyende. Ndipo aka simukakhudza."

Lachisanu lonse benchi ya pansi pa masitepe inali yotseka, ndipo anthu atatu anagona panja pa nkhani ya makiyi, koma imeneyo ndi nkhani ina. A Tsegulani anali kunyumba akutseka zinthu. Anapeza kuti kutseka n'kovuta kuposa kutsegula, chifukwa nthawi zonse pamatsala kasikuluu kamodzi kosadziwika kwawo. Pofika madzulo wailesi inkalankhula, fani inavala, wotchi inkayenda ngakhale inkafulumira ngati ili ndi ulendo.

Loweruka kachipinda ka Ometa kanadzaza. Ngakhale uja wa gulu la munthu mmodzi anabwera kudzaonerera maliro. Alamu anakhala kutsogolo, kamakina kawo konyezimira kali pabondo. Ataona mlongo wawo akulowa ndi chikwama cha m'manja anaseka.

"Achemwali, mwabwera kudzatenga amuna anu? Dikirani pang'ono, tikupatsani ali opepuka, opanda mpando."

"Sunthani, achimwene, mwakhalira kuwala."

Anakhala, anatsegula zipi, anatulutsa kamakina, anadina. Kanayaka pompo, ndipo mamembala ena anayang'anana ngati aona zamatsenga. Kambuzi kanayamba kukwera. Nsanjika khumi. Makumi awiri. Amuna asanu ndi atatu anaunjikana kumbuyo kwa mayi mmodzi, kupuma kwawo kuli pakhosi pake. Ometa anasiya kasitomala mutu uli theka n'kubwera ndi makina ometera m'manja. Pa nsanjika sate faifi wina anakuwa, "Ndowa, mayi, ndowa!" ndipo anayankhidwa osatembenukiridwa: "Ndaiona kale, bambo, imeneyo imagwa Loweruka lililonse."

Aphunzitsi okha ndi amene anayamba kutuluka thukuta. Pa fote naini anati, "Mwina tikhoza kuimira pomwepa, mfundo yamveka."

Mayiwo sanaime. Kambuzi kanatulukira padenga, kanagwedeza mchira, ndipo pagalasi panabwera mawu amene mlembiyo anawalemba zaka zinayi zapitazo n'kuwaiwala: PEPANI. SINDINKAYEMBEKEZA KUTI WINA AFIKA KUNO.

Kachipinda kanaphulika. Ometa anaseka mpaka anakhala pa matawulo onyowa. Koma Alamu, munthu wozolowera kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pamabotolo, anali atatola kamakinako n'kukatembenuza.

"Dikirani! Apampando, taonani apa. Guluu! Aka n'kotseka kuposa kanga. Sikawerengedwa!"

Onse anatembenukira kwa a Tsegulani. Munthu wamkulu anayang'ana masikuluu omata aja. Guluuyo ankawapweteka iwonso mpaka m'mafupa.

Anayankha ndi akazi awo, akulanda kamakina kawo. "Achimwene, kanu kaja anakamata ndani?"

"Kampani."

"Anakufunsani?"

"Ayi, koma..."

"Aka ndinamata ndine. Amuna angawa akhala akundilalikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti kotseguka ndi kamene mwini wake amachita nako zimene akufuna. Ine ndinafuna kukamata. Tsiku limene ndidzafune kukatsegula ndidzakolokosola guluuyo ndi singano, ndipo palibe kampani idzanditumizire kalata. Kapena ndinamva molakwika, bambo a ana?"

A Tsegulani anavula chipewa. Ulaliki wawo womwe, umene ankaganiza kuti kunyumba umangogunda makatani, unali utabwerera utavala diresi.

"Munamva bwino," anatero. "Ndiye... ndiye mfundo yake imeneyo."

Gulu la Otsegula linapulumuka, dzina ndi masikuludiraiva omwe. Kungoti Alamu, pofuna kugwa ndi wina, anakumbutsa anthu chiganizo chachiwiri chija, chakuti wapampando akhale munthu wosewera. Aphunzitsi anayang'ana m'kope n'kupeza kuti analembadi. Wosewera m'chipindamo anali mmodzi. Manja anakwera onse, ndipo lomaliza kukwera, pang'onopang'ono ngati likunyamula thumba la simenti, linali la a Tsegulani.

Masiku ano gululi lili ndi anthu khumi ndi anayi, asanu mwa iwo ndi amayi amene amabwera kudzasoketsa makatani n'kutengeka. Ola loyamba la msonkhano ndi losewera, ndipo masikuludiraiva onse amatsekeredwa m'kabokosi. Ola lachiwiri, fili koloko ikakwana, kabokosi kamatsegulidwa, koma chololedwa kutsegula ndi chokhacho chimene chafa kale. Aphunzitsi analamulidwa kuwonjezera nsanjika zina makumi asanu ndi mathero aulemu.

A Tsegulani anapatsidwa udindo wa Mkulu wa Zokonza, ndipo amaunyadira kwambiri. Loko wa kabokosi kaja anamusankha okha, wabwino, wosathyoka. Makiyi anadula awiri. Onse ali m'chikwama cha Apampando.

Wosoka nsapato anawafunsa tsiku lina, "Nanga tsogolo lija, likadali lotseguka?"

"Lotseguka kwambiri," anayankha a Tsegulani, akupala kiyi wa kasitomala. "Kuyambira fili koloko."