Inchi Imodzi pa Sitepe Lomaliza

Ndinafika pa boma la Mzimba ndi bokosi la zida pamutu, nditachoka ku macheka a ku Luwawa komwe ndinagwira ntchito miyezi inayi yokha. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo Chitumbuka changa chinali cha mawu atatu basi: yewo pothokoza, chomene m'malo mwa kwambiri, ndi monire popereka moni. Pansi pa bokosilo, kunsi kwa thabwa lomwe ndinakhomera dala, kunali kalata ya mng'ono wanga. Iyeyu anathawira ku Zambia atalankhula zosayenera zokhudza boma pamowa, ndipo masiku amenewo kalata yotere ikanakwana kundisowetsa osaonekanso. Kuiwotcha ndinkalephera, chifukwa ndi chokhacho chomwe ndinatsala nacho cha iye.

Amene anandiitana anali mwini sitolo wina yemwe anamanga chipinda pamwamba pa sitolo yake. Makoma anali atatha, mitanda ya chipinda chapamwamba itaikidwa, koma matabwa apansi pake anali asanakhomedwe. Anthu ankakwera ndi makwerero a nsungwi ngati akukafolera nkhokwe. Iye ankafuna masitepe enieni, a m'kati mwa nyumba.

Nditangotambasula tepi, ndinaona munthu atakhala pampando pakona, pafupi ndi matumba a mchere. Jekete lakuda, ambulera pakati pa miyendo, magalasi akuda bii, chonsecho tili m'nyumba. Aliyense wa msinkhu wanga akudziwa mtundu wa anthu omwe ankavala magalasi akuda m'nyumba: akazitape a boma.

"Musawaope, amisiri," anatero mwini sitolo. "Awa ndi akulu anga. Angobwera kudzapenda."

Kudzapenda! Kwathu munthu akamakupenda ndiye kuti akukufufuza, akufuna aone chomwe wabisa. Zoti ndi mkulu wake sindinazikhulupirire ngakhale pang'ono. Mwini sitoloyo anali wamfupi wonenepa, uyu wamtali wowonda. Ndinati mumtima, akulu anu a ku ofesi iti?

Ndinayeza msanga kuchokera pasimenti kufika pamwamba pa mtanda, ndipo ndinapeza mafiti asanu ndi atatu ndi mainchi asanu ndi anayi. Nditagawa ndi mainchi asanu ndi awiri, anatuluka masitepe khumi ndi asanu, ndendende osatsala kanthu. Ndinalemba pachikatoni cha sopo: matabwa awiri aatali ochindikala a m'mbali, matabwa opondapo khumi ndi anayi, otsekera kutsogolo khumi ndi asanu, nsanamira ziwiri, mtengo wogwirira ndi timitengo take, misomali, guluu.

"Angati, adada?" anafunsa wamagalasiyo.

"Khumi ndi asanu, bambo."

"Onse ofanana?"

"Ofanana."

"Opondapo a mtengo wanji? Paini amaterera akatha."

"Mlombwa ukapezeka, bambo."

"Mbwenu. Nanga kwanu n'kuti? Muli angati m'mimba mwanu?"

Pamenepo pensulo inandigwa m'manja. Ndinayankha kuti ndinabadwa ndekha ngati chala, bodza lomwe mayi anga akanalimva akanandimenya ndi chipande.

Kwa masabata awiri munthuyo sanajombe. Ndikacheka, mutu wake unkatembenukira kumene kukulira sowo. Ndikakhoma, milomo yake inkagwedera ngati akusunga kanthu m'mutu. Ndikatsegula bokosi, ankatchera khutu. Ndinayamba kulikhalira bokosilo pakudya, ndipo ngakhale kuchimbudzi ndinkapita nalo. Tsiku lina anandipatsa chinangwa chootcha, ine n'kuchiponyera galu kuti ndione ngati afe. Galuyo ananenepa, ndipo ankanditsatira mpaka ntchito inatha.

Ndinkangofuna kuchoka. Mlombwa unachedwa kubwera, ndiye ndinauza mwini sitolo kuti paini wa ku Luwawa ndi wokwana. Mtengo wogwirira ndi timitengo take ndinazifufuta pachikatoni, n'kunena kuti tidzaziika mtsogolo.

"Koma chogwirira chikufunika chomene, adada," anatero wamagalasiyo.

"Munthu wa miyendo iwiri ndi maso awiri safuna chogwirira," ndinayankha mwamwano. Mwini sitolo anayang'ana pansi.

Tsiku lomwe tinakhoma matabwa apansi a chipinda chapamwamba, ndinaona chomwe ndinalakwitsa. Ndinayeza kufika pa mtanda, n'kuiwala kuti pamwamba pake padzabwera thabwa lochindikala inchi imodzi. Masitepe khumi ndi anayi anali a mainchi asanu ndi awiri, lomaliza linali la asanu ndi atatu. Mmisiri aliyense amadziwa kuti mwendo umaloweza sitepe kuposa mutu, ndipo inchi imodzi imagwetsa munthu. Kukonza kwake kunali kwa masiku awiri. Ndinayang'ana pakona paja, mtima n'kundiuza kuti, kazitape akapunthwa ine zindikhudza chiyani? Apa sindibisa, ndinakondwa nalo ganizo limenelo.

M'mawa mwake, ndikulongedza zida, mwini sitolo anati akulu ake ndiwo ayambe kukwera, poti chipindacho chinali chawo. Munthuyo anasiya ambulera, nayenda mokhwekhwereza phazi mpaka linagunda sitepe loyamba. Dzanja lake linafufuza chogwirira m'malere, osachipeza, kenaka linagwira khoma. Anayamba kukwera akuwerenga mokweza, sitepe ndi sitepe, nkhope itawala ngati mwana wovala nsapato zatsopano. Pofika pa khumi, ndinali nditamvetsa kale, koma sindinamuchenjeze.

"Khumi ndi anayi," anatero. Anakweza mwendo monga anaukwezera m'mbuyo monsemo. Chala cha kuphazi chinagunda thabwa, anadzandira, dzanja linasiya khoma, ndipo anagwera mbali yomwe ndinayenera kuika chogwirira.

Anagwera pasimenti ndi chiuno. Magalasi anatayikira pansi pa kauntala. Nditawerama kuti ndimudzutse, ndinaona maso ake koyamba: oyera mbuu, ngati madzi otsukira mpunga.

"Napenda makora," ankabuula. "Napenda makora, adada. Munati onse ofanana."

Tikudikira galimoto yopita naye kuchipatala, mwini sitolo anandifotokozera. Akulu akewo anali kalaliki kwa zaka zambiri, maso anafa pang'onopang'ono, ndipo chifukwa cha manyazi sankafuna kuti anthu adziwe. Chipinda chapamwambacho anawamangira kuti akhale ndi pawo, kutali ndi phokoso la ogula. Ankabwera tsiku ndi tsiku kuti aloweze masitepewo asanawaponde.

"Nanga bwanji munati abwera kudzandipenda?" ndinafunsa, ndikufunabe woti ndimukankhire mlandu.

Anandiyang'ana modabwa. "Kudzapenda masitepe, amisiri. Kupenda kwathu kuno ndi kuwerenga."

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine masabata awiri ndinakhala moyang'anizana ndi munthu wosaona, n'kumabisa kalata kuti asaione.

Sindinachoke. Ndinagumula masitepe onsewo, n'kuyezanso kuchokera pasimenti kufika pamwamba pa thabwa. Ndinadikira mlombwa mpaka unabwera, ndinaika chogwirira chosalala mbali zonse ziwiri, ndipo sitepe lililonse ndinaliyeza katatu. Sindinapangeponso masitepe abwino ngati amenewo.

Anatuluka m'chipatala patapita miyezi, akuyendera ndodo ziwiri. Ndinamutengera pa sitepe loyamba, n'kuika dzanja lake pa chogwirira. Anachisisita nthawi yaitali, kukwera ndi kutsika mpaka pomwe mkono unkafika.

"Ntchito yabwino chomene, adada. Angati?"

"Khumi ndi asanu, bambo. Onse ofanana."

"Yewo," anatero, n'kupempha kuti timubwezere pampando wake pafupi ndi matumba a mchere. Mwendowo sunathenso kukwera. Chipinda chapamwamba chija anadzasungiramo mabulangete ndi nyali zogulitsa.